Munakwecha Helena ndi Mchenga

Rosettenville, Joni
13 Ogasiti 2023

Okondedwa Amake Fyness,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu. Ine kuno ndilipo, ndikudya, ndikuyenda. Kungoti kuzizira kwa chaka chino kwandilowa m'mafupa.

Ndikudziwa mwakwiya. Miyezi itatu osamva mawu anga, ndiye lero kukutulukira pepala m'manja mwa Teddy wa thiraki ngati tabwerera m'masiku a Wenela. Foni yanga inagwa, kamera inafa, choncho zoimbirana moonana zija tiyambe taleka. Teddy amadutsa msewu wa ku Kasisi akatsitsa katundu ku Lusaka, muzimupatsa yankho iyeyo. Zilembo zopendamazi musadabwe nazo, ndikulembera pabondo.

Ntchito ya kufakitale ya mipando ija ndinasiya mu Meyi. Nkhani yake ndi yaitali, tidzakamba pamaso. Pano ndikukhala kuseri kwa nyumba ya mudala wina Mpwitikizi, dzina lake a Ferreira, wazaka 81, amene kale anali ndi golosale. Tinadziwana pamzere winawake, tonse tikudikira kuitanidwa.

Tsono musaseke. Ntchito yanga ndi kuyang'ana makobidi. Mudalayu amasonkhanitsa ndalama zamkuwa za Aroma, Aroma omwe aja timawamva m'tchalitchi pa Lachisanu Loyera. Ali nazo zodzadza madilowa khumi ndi awiri, ndipo palibe ngakhale imodzi yogula buledi. Maso ake akuzima ndi shuga, koma zala ali nazo zabwino. Ndiye iye amagwira, ine ndimaona ndi kumuuza zimene zalembedwapo.

Za chitseko Teddy wandiuza. Akuti nyumba inatha, denga lili pamwamba, koma pakhomo mukutsekabe ndi lata pamene chitseko cha mtengo wa mukwa chija changotsamira kuchipinda. Chitsekocho ndinapala ndekha ndisanachoke, ndipo ndinanena kuti wochikhoma ndine. Pirirani pang'ono, ndibwera pa Khrisimasi. Muzichipukuta, ndipo chisagunde pansi kuopa chiswe.

Mu envelopu muli za sukulu ya Fyness ndi za mbewu. Moni kwa onse a mu mphakati wathu.

Ine mwamuna wanu,
Ezron

1 Okutobala 2023

Amake Fyness,

Moni wa m'mawa wa Lamulungu. Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Fyness chinatha ndipo tomato akuyenda bwino kumsika. Ine ndili bwino, kunja kwayamba kufunda.

Kalata yanu ndawerenga kanayi. Ndinati musaseke, inu mwaseka mpaka papepala. Mwati, "Manje mmisiri wanga wakhala wosuka ndalama zosagula olo mchere?" Eya, ndakhala. Imvani mmene zimakhalira.

Makobidiwa amabwera m'kathumba kuchokera ku Ulaya, okutidwa ndi dothi, ooneka ngati mabatani ogwera m'matope. Timawaviika m'madzi aja othira m'batire ya galimoto, masabata anayi, ena asanu ndi limodzi, ndipo madzi timasintha Lolemba lililonse. Kenako mudala amatenga kamtengo kotokosera m'mano ndi mswachi wofewa n'kumapala pang'onopang'ono. Ine ndimakhala pambali ndi galasi lokulitsa, kumangofuula, "Kumanzere! Pang'ono! Imani!" Ukangomva kunja ungati tikulowetsa thiraki pageti.

Dothi likachoka mpomwe mutu umawawa. Aroma sankasiya mpata pakati pa mawu, ndipo U ankamulemba V. Umayamba ndi nkhope: ali ndi ndevu kapena ayi, kumutu wavala nkhata yanji. Ukatembenuza umapeza mwina asilikali awiri, mwina chipata cha linga, mwina msilikali akubaya munthu wogwa pahatchi. Pansi penipeni pali tizilembo tonena mzinda umene khobidilo linasulidwa. Zonsezi timafananiza m'buku lalikulu kuposa Baibulo la pa guwa.

Sabata yatha ndinalakwa katatu pa khobidi limodzi. Mfumu Konstantino inali ndi ana aamuna a maina ongofanana, Constantinus, Constantius ndi Constans. Munthu wolamulira dziko lonse kusowa maina chonchi! Akanabwera kwathu ku Katete tikanamubwereka. Nditapeza kuti ndi wachiwiriyo, mudala anandimenya paphewa, akuti, "Ezron, uli ndi maso a mmisiri. Ukuona mzere umene ena sauona." Sindibisa, mawuwo anandikhudza kuposa mmene iye anaganizira.

Chithunzi munapempha chija ndi ichi, anandijambula Teddy pageti. Dzanja lili m'thumba chifukwa kunali kamphepo. Mwafunsanso kuti ndimapita kuti Lachinayi lililonse, poti Teddy sanandipeze kawiri. Ndi kaulendo chabe ka m'mawa, mudala amandipatsa mpata. Teddy naye pakamwa pake mpotseguka ngati pakhomo pathupo.

Feteleza mugule msanga asanakwere. Mbuzi yaikazi ija musagulitse.

Wanu,
Ezron

10 Disembala 2023

Okondedwa anga Amake Fyness,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwabzala. Ine thupi lili bwino. Uzani Fyness kuti malikisi ake ndawaonetsa mudala, ndipo wati mwanayo watengera amake. Ndinangoti zikomo.

M'kapepala kopinda kali m'kati mwa katunduyu muli kanthu. Mutsegule muli pansi, kasagubuduke.

Khobidi limeneli linakhala m'madzi masabata asanu ndi limodzi, ndipo tonse tinali titalitaya mtima. Tsiku lina mudala akupala, ndinaona tsitsi likutuluka, loluka bwinobwino. Ndinati, "Imani! Uyu ndi mayi." Tinapala masiku atatu mpaka zilembo zinaoneka, ndipo ndinawerenga chimodzichimodzi, H, E, L, E, N, A. Mudala anati ndibwereze. Ndinabwereza.

Ndi Helena yemwe uja, Amake Fyness, mayi wa Konstantino, amene Abambo analalikira za iye pa tsiku la Mtanda Woyera, kuti anapita ku Yerusalemu ali nkhalamba kukafuna mtanda wa Ambuye. Kumbuyo kwake kuli mayi woimirira atagwira kanthambi. Pansi palembedwa SMALA, kutanthauza kuti linasulidwa ku Alexandria, ku Ejipito, mu Africa mwathu momwe muno. Zaka zake zikuyandikira 1,700. Mudala ali nawo kale ena awiri a Helena, ndiye anandifumbatitsa ili, akuti, "Woyamba kuona nkhope yake patapita zaka zonsezi ndiwe. Katumize kwa mkazi wako." Mulisunge bwino.

Tsopano nkhani yovuta. Pa Khrisimasi sindibwera. Mudalayu sangatsale yekha, mwana wake wamkazi ali ku Cape Town ndipo sabwera chaka chino. Mabasi nawonso akwera mtengo. Palinso zina ndi zina zoti ndiyambe ndakonza kuno. Ndikudziwa kuti ndinalonjeza, ndipo ndikudziwa kuti mvula ikumalowa pakhomo. Ikani thumba la simenti pansi pa latalo. Mwina pa Pasaka.

Ndakusowani kwambiri, musaganize zina. Kuno kulibe mkazi wina kupatula uyu wamkuwayu, naye ndamutumiza kwa inu.

Ezron wanu

4 Febuluwale 2024

Amake Fyness,

Moni. Ndamva kuti muli bwino. Ine ndilipo.

Mwachita chiyani, mayi inu? Teddy wafika dzulo akumwetulira ngati wabweretsa nkhani yabwino. Akuti, "Ba Ezron, kandalama kaja ba mulamu banakasuka, manje kang'anima monga ka one kwacha kanyowani. Banakaboola na nsomali, bavala pamukosi pamodzi na mendulo. Na Abambo banakadalitsa." Anandionetsa chithunzi pafoni yake. Ndinakhala pansi.

Mchenga ndi ndimu! Munamukwecha Helena ngati poto wa nyemba! Kubiriwira kuja sikunali litsiro. Mkuwa ukakhala m'nthaka zaka mazanamazana umamera khungu lake, ndipo khungu limenelo ndi lomwe osonkhanitsa amafuna. Ife timachotsa dothi lokha, khungulo sitilikhudza. N'chifukwa chake timapala ndi kamtengo masabata onse aja. Inu mwamaliza pa mphindi khumi, nsima ili pamoto. Pachithunzipo mphuno yake yaphwathalala, tsitsi lija lafufutika, ndipo msomali mwaulowetsa pa chilembo H penipeni.

Ndiye m'kalata mwanu mukudzitama, mwati, "Amuna awiri, masabata sikisi, kulephera kusuka kanthu kamodzi? Nakakonzako." Ndikuvomera kuti sindinakuuzeni. Ndinangoti mulisunge bwino, ndipo ndinaiwala kuti kwa inu kusunga bwino ndiko kukwecha mpaka munthu adzionerepo nkhope. Koma mukanafunsa.

Khobidi likabooledwa latha. Silibwerera mwakale, ngakhale ulisamale bwanji. Aliyense wolitola amayamba kuona bowolo, kenako amachita chisoni n'kulibweza pansi. Palibe amene amafuna chinthu chotero m'nyumba mwake. Ndikudziwa chimene ndikunena.

Za chitseko, lekani kudikira ine. Itanani Matthias wa pamsika achikhome. Si mmisiri woipa, bola mumuimirire pa mahinjesi. Za Pasaka sindikulonjeza.

Ezron

7 Epulo 2024

Okondedwa Amake Fyness,

Muli bwanji? Ndikufunsa zenizeni, chifukwa Teddy wabwera kawiri chimanjamanja. Akuti katundu mumalandira, mumathokoza, koma pepala ayi. Ine ndili bwino m'thupi, mumtima ayi.

Za chilala ndamva. Akuti chimanga chinauma chili ndi ngayaye, kuyambira kwathu mpaka dera lonse la mfumu Nkomeshya. Mbuzi ija mukaona kuti zavuta gulitsani, musadikire mawu anga. Ndaika ufa ndi mafuta m'katunduyu.

Kalata yapita ija ndinalemba ndi ukali. Pepani. Khobidi linali lanu, ndinakupatsani ndekha.

Ndinakhala mwezi wathunthu osamuuza mudala, kuopa kuti akomoka. Nditamuuza anaseka mpaka kutsokomola, akuti amake nawonso ankakwecha chilichonse chimene chaima malo amodzi, ndi ana omwe. Kenako anandituma kutsegula dilowa ya pansi, yomwe sitinaigwirepo. Munali kabokosi, m'kati mwake khobidi limodzi lokutha kwambiri, nkhope yongotsala chithunzithunzi, ndipo pamwamba pali bowo. Anati ndiyang'ane ndi galasi m'mphepete mwa bowolo. Munali mosalala, mopyapyala mbali imodzi, ndipo khungu lobiriwira lija linamera mpaka m'kati. Ndiye kuti anaboola kalekale, m'nthawi ya Aroma momwemo, ndipo chingwe chinalidya zaka zambiri.

Mudala anati, "Onse awa m'madilowamu anadutsa m'manja mwa anthu pogula mkate ndi anyezi. Ili lokha ndi limene ndikudziwa kuti wina sankafuna kusiyana nalo. Ogula sangandipatse kanthu, n'chifukwa chake silidzagulitsidwa." Ine ndinayang'ananso bowolo, galasi lili kumaso.

Mwana wake uja wabwera. Mudala anagwa kubafa, ndiye akumutenga kupita naye ku Cape Town mu Juni. Makobidi agulitsidwa, nyumbanso. Tikulemba timaenvelopu totsala kuti ogula asavutike: dzina la mfumu, mzinda, kulemera kwake. Za ine pambuyo pake sindinadziwe. Mwina ndipeza ntchito ya ulonda.

Ndiyankheni, ngakhale ndi mzere umodzi wonditukwana. Chitseko Matthias anakhoma?

Mwamuna wanu,
Ezron

19 Meyi 2024

Tisauke,

Lero ndakutchulani dzina, mundikhululukire. Ndikhulupirira muli bwino. Kalata yanu yafika Lachisanu, ndipo ndakhala nayo masiku awiri m'thumba la malaya ndisanapeze mphamvu yoyankha.

Mwalemba kuti, "Atate ake Fyness, nikudziwani zaka naintini. Zilembo zanu zinali kugwera kutsogolo, manje zigwera kumbuyo. Pachithunzi dzanja m'thumba, mwezi wa Okutobala. Chingwe cha pakatundu chinabwera na zizindikiro za mano, ndipo mfundo yanu niidziwa, siija. Teddy sananiuze kanthu, nimufunsa amangoyang'ana matayala. Nakhala niyembekeza kuti mukambe mweka, koma imwe mwayamba kunikalipira pa khobidi."

Ndiye ndikambe.

Pa 9 Meyi chaka chatha, kufakitale kuja, macheka a magetsi anatenga zala zitatu za dzanja langa lamanja. Kwatsala chachikulu ndi chaching'ono. Chotchingira macheka anali atachotsa kuti ntchito izifulumira, ndipo ine ndinadziwa koma sindinakane. Mapepala anga okhalira kuno anali atatha, choncho anandisiya pachipatala n'kundiuza kuti ndisabwererenso. Mzere umene ndinakumanapo ndi mudala unali wa kuchipatalako, iye wa maso, ine wosintha mabandeji. Anagwetsa khobidi limene ankayenda nalo m'thumba, ine ndinatola ndi lamanzere n'kumuwerengera zilembo zitatu. Lachinayi lija ndimapita kukaphunzitsa zala ziwirizo kugwira. Supuni ndikutha, batani ndikutha. Pulena yopalira matabwa ayi. Kamera ya foni ilibe vuto lililonse.

Chimene ndinkaopa ndi ichi. Atate anu anakuperekani kwa mmisiri. Mabenchi a kutsogolo mu tchalitchi chathu chaching'ono ndinakhoma ine, mpando umene mumakhalira posankha tomato ndinakhoma ine. Ndinkadziona ndikutsika pamsewu, anthu akubwera kudzandipatsa moni, aliyense n'kuyamba kuona dzanjalo, kenako chisoni. Ndipo inu pakati pawo mukuyesetsa kuti nkhope yanu isasinthe. Ndinati bola ndizitumiza ufa, muzikumbukira munthu wa zala khumi. Zimene ndinalemba mu Febuluwale zija sindinkanena Helena yekha, ndipo mwazindikira.

Mwatinso, "Matthias ninamubweza pageti. Khobidi ninaboola kuti lisanitayike, chifukwa ndiye chinthu chimodzi chamene munagwira imwe. Ngati lasila mtengo, lasila kwa azungu anu. Nkhope ya Helena niona ine, na H yamene mulira ija niidziwa pamene inali. Bwerani mukhome chitseko, mphepo yatilemetsa."

Ndinamuwerengera mudala mawu amenewa m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Iye anati, "Iwe ukufuna ntchito ya ulonda? Ndiwe chitsiru, Ezron. Pakira." Ndinalira pamaso pa mzungu, ine bambo wa mwana wa Giredi 9.

Fyness mumuuze inu, ndisanafike. Mumuuze zonse, musachepetse, kuti asadzadzidzimuke.

Ine wanu,
Ezron

9 Juni 2024

Amake Fyness,

Moni, ndipo zikomo chifukwa cha kapepala ka Fyness. Akuti akufuna kudziwa ngati ndikuthabe kutsina khutu. Mumuuze kuti zala ziwiri zomwe zatsalazo ndi za ntchito imeneyo.

Mudala ananyamuka Lachitatu. Madilowa onse anapita ndi ogula, kupatula kabokosi kaja, komwe anaika m'thumba la jekete. Ine wandisiyira galasi lokulitsa, buku lalikulu lija, ndi kathumba ka makobidi makumi atatu osatsuka. Akuti ndizimulembera zimene ndapeza, mwana wake azimuwerengera. Wanenanso, ndipo wabwereza kawiri, kuti ndikupatseni moni ndi kukupemphani kuti mchenga ndi ndimu mubise. Mugule botolo la madzi a batire ku Chongwe. Wopala ndi kamtengo adzakhala inu, ndipo tidzaona ngati masabata asanu ndi limodzi mudzawapirire.

Ndinyamuka ndi Teddy pa 18. Malire akatichitira chifundo tidzafika Loweruka pa 22 masana, adzanditsitsa pamphambano ya ku Kasisi. Musaphe nkhuku, chaka chino si cha nkhuku.

Bokosi la zida lili pansi pa bedi, kiyi ali m'chitini cha mabatani. Tulutsani tchizulo, nyundo ndi mahinjesi atatu aja, muwapake mafuta. Chitseko tidzakhoma Lolemba m'mawa. Nyundo ndi tchizulo mudzagwira inu, ine ndidzaima pambali kuona mzere, ndipo ndikati kumanzere, pang'ono, imani, mudzaimedi, osati zanu zija zomaliza pa mphindi khumi.

Mudzabwere kumsewu nokha, Helena ali pakhosi. Ndikatsika, dzanja lidzakhala kunja kwa thumba, ndipo moni ndidzakupatsani ndi lamanja lomwelo.

Ine amene ndikubwera,
Ezron